Mayi Esteri Mukhwapa ndi Mafuta a M'magazi

Mayi Esteri Mukhwapa anabadwira kufupi ndi Limbuli m'chaka cha 1949, kwa makolo ochokera ku Mozambique. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma mafunso sankawathera m'kamwa. Anabatizidwa ali mtsikana. Zaka makumi atatu anathyola tiyi ku esiteti, akulera okha ana anayi amuna awo atamwalira. Lachinayi ankayendera odwala ndi amayi anzawo, Loweruka n'kusesa m'tchalitchi.

Mu 2021 anayamba kuiwala. Tsiku lina anaima pakati pa msika, njira yakwawo itawasokonekera. Mwana wawo Lettie anapita nawo kuchipatala, kumene anapeza madokotala akufufuza za matenda oiwalaiwala. Namwino anafotokoza kuti mwa okalamba, mafuta a m'magazi akamangokwera n'kutsika, mwina zimayendera limodzi ndi kufooka kwa ubongo. Ankafuna anthu oti aziwayeza miyezi itatu iliyonse.

"Mafuta m'magazi, ine wowonda chonchi?" anafunsa mayi Esteri. "Nanga chimayamba n'chiti, mafutawo kapena kuiwalako?"

"N'zimene sitikudziwa, amayi."

"Ndichira?"

"Mwina ayi. Koma zingadzathandize ena."

Anaganiza pang'ono, n'kutambasula mkono. "Tengani. Mulungu sakwiya ndi munthu wofunsa mwaulemu."

Kumudzi nkhaniyi inavuta. Mphekesera za anamapopa zinali zisanazilale, ndipo ena ankanong'onezana kuti nkhalamba yosochera masanasana ndi mfiti. Anzawo ena analeka kuwapatsa moni. Lettie anachonderera mayi ake kuti asiye kukayezetsa, koma Lamulungu lina mapemphero atatha iwo anaimirira.

"Abale, mutu wanga ukutha, koma sindine mfiti. Magazi ndimapereka ndekha, palibe wondikakamiza, chifukwa ndikufuna tidziwe chimene chikutidya. Ndikaiwala dzina lanu, mundiuzenso. Musandithawe."

Ulendo wotsatira okalamba asanu anakwera nawo minibasi kukayezetsa.

Pomalizira anaiwala ngakhale dzina la Lettie, koma nyimbo za Mulungu ankaziimba mpaka ndime yotsiriza. Anamwalira mwamtendere m'mawa wina wa Julayi 2024, amayi a mpingo atawazungulira akuimba. Zotsatira za kafukufukuyo sanazimve. Koma lero mu mpingo wathu, wokalamba akasochera, timamugwira dzanja n'kumuperekeza kwawo, m'mawa mwake kuchipatala.