Chipolopolo Chachikasu

Ndikukumbukira bwino Loweruka lija, ngakhale kuti papita zaka zoposa khumi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo tinali titakhala mumzinda wa Brampton, ku Canada, zaka zitatu chichokereni ku Malawi. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo anga, amene timawaitana kuti adadi mpaka lero, ankayendetsa galimoto yonyamula katundu kuchokera kumaweyahausi a pafupi ndi bwalo la ndege.

Kumudzi adadi anali mlonda wa nyama m'nkhalango ya ku Kasungu, kotero mfuti sinali yachilendo kwa iwo. Atafika ku Canada, mnzawo wina wa kuntchito anawatengera ku kalabu ina ya kumpoto kwa tauni, pakati pa minda ya chimanga, kumene anthu amawombera timbale tadothi. Makina amaponya kambale m'mwamba, iwe n'kukawombera kasanagwe. Adadi anabwerako tsiku limenelo akumwetulira ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake kudziko lachilendo. Atapeza chiphaso, anagula mfuti yakale ya mpope umodzi, ya mtundu uja umathyola pakati ukafuna kuikamo chipolopolo.

Ine ndinawakakamira kuti azinditenga. Amayi anakana kwa miyezi ingapo.

"Mwana wamkazi ndi mfuti?" ankatero. "Tinabwera kuno kuti adzaphunzire sukulu, osati kudzasaka."

Adadi ankawafotokozera modekha kuti ku kalabuko kuli gulu la ana, ndipo mwana sagwira mfuti popanda wamkulu ataima kumbuyo kwake. Potsiriza amayi analola, koma anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Tiyamike, tsiku limene ndidzamve kuti kwachitika kanthu, ngakhale kakang'ono bwanji, za mfutizo zidzathera pomwepo."

Adadi nawo anali ndi malamulo awo. Magalasi asachoke kumaso, zotseka m'makutu zisachoke, mfuti izikhala yotsegula mpaka nthawi yanga yowombera itakwana. Lamulo limene ankabwereza kawirikawiri linali lakuti m'thumba la jekete yanga musalowe chipolopolo chimene sichinachoke m'manja mwawo. Ndinkangovomera ndi mutu. Sindinafunsepo chifukwa chake.

Zipolopolo zathu zinali zotchipa. Adadi ankadikira kuti zitsike mtengo, n'kugula katoni yonse. Zinali zofiira, m'timabokosi tofewa tong'ambika m'makona. Ukawombera zinkatulutsa utsi wonunkha, zinkakumenya paphewa, ndipo tikafika kunyumba nsalu yopukutira mpope inkatuluka yakuda bii. Poyamba sindinkaona vuto. Vuto linayamba nditadziwana ndi Simran.

Simran anali mtsikana wa msinkhu wanga, makolo ake anachokera ku India. Tinkaima moyandikana pamzere wowombera. Mfuti yake inali yaing'ono ndi yopepuka kuposa yathu, ndipo zipolopolo zake zinali zachikasu, matako ake onyezimira ngati ndolo, m'bokosi lolimba lokhala ndi zilembo zagolide. Bambo ake ankanena pamaso pa aliyense kuti iwo sagula zotchipa. Simran ankaphwanya timbale mpaka kungotsala fumbi. Ine timbale tambiri tinkandipulumuka, n'kukagwa kutali tili tamphumphu. Ndinkayang'ana zake, ndinkayang'ana zanga, ndipo mumtima mwanga mlandu unatha: cholakwa chinali zipolopolo.

Tsiku lina tili m'galimoto ndinayesa kuyambitsa nkhaniyo.

"Adadi, bwanji osagulako zabwino zija, ngakhale bokosi limodzi?"

"Zathuzi zatani?"

"Sizikuphwanya."

"Nanga ine ndikuphwanyira chiyani?" anafunsa akuseka, maso ali pamsewu.

Ndinayang'ana pawindo, ndikuganiza kuti adadi sangamvetse mmene zimakhalira kuima pakati pa anzako uli ndi kabokosi kong'ambika.

Loweruka ndikunenalo kunali mpikisano waung'ono wa ana. Unali mwezi wa Okutobala, masamba a mitengo atafiira, ndipo mphepo yozizira inkaluma nsonga za zala. Adadi atalowa mu ofesi kukalembetsa dzina langa, ndinakhala pabenchi ndi Simran. Bokosi lake linali lotsegula pakati pathu. Ndinamufunsa m'Chingerezi, motsitsa mawu, ngati angandigawireko kuti ndingoyesa. Iye sanaganize kawiri. Anatapa zitatu n'kundipatsa, ine n'kuziponya m'thumba momwe munali zofiira zija.

Aphunzitsi a pa kalabupo anali atatiuzapo kuti mfuti zili ndi masayizi, ndipo iliyonse ili ndi zipolopolo zake. Yathu inali ya 12, ya Simran ya 20. Ndinamva, koma sindinasunge. Kwa ine chikasu chija chinkangotanthauza mtengo. Sindinadziwe kuti amazipaka chikasu dala, n'cholinga chakuti munthu wa mfuti yaikulu asazisokoneze ndi zake.

Tinaima asanu pamzere, adadi ali kumbuyo kwanga monga mwa nthawi zonse. Ndinayamba ndi zofiira. Ndinafuula kuti "Pull!", mawu amene timaitanira kambale. Kanatuluka, ndinawombera, kanapitirira. Kachiwiri kanapitiriranso. Ndinamva nkhope ikutentha ngakhale kunkazizira. Nthawi yanga itakwananso, ndinapisa m'thumba, ndinafufuza ndi zala mpaka nditapeza chocheperako, ndipo ndinachibisa m'chikhatho kuti adadi asaone mtundu wake. Ndinachiponya mumfuti msangamsanga, osayang'ana n'komwe, n'kutseka.

"Pull!"

Kambale kanatuluka. Ndinakhethemula. Mfuti inangoti kha, osalira.

Ndinadikira pang'ono monga anatiphunzitsira, kenako ndinatsegula. Malo oika chipolopolo anali opanda kanthu. Mutu unasokonezeka. Anzanga anayi ankandidikira, wolemba zigoli ankandiyang'ana. Ndinadziuza kuti mwina chagwera mu udzu chifukwa cha changu ndi zala zozizira zija. Manyazi anandigwira, ndipo ndinafuna kuti anthu asiye msanga kundiyang'ana. Ndinatulutsa chofiira, ndinachiika, ndinatseka, n'kukweza mfuti paphewa. Chala chinali chitafika pokhethemulira, pakamwa ndili nditatsegula kuti ndiitane kambale.

"Tiyamike, usawombere!"

Mawuwo anadutsa zotseka m'makutu ngati kuti panalibe. Sindinawamvepo adadi akufuula chotero, ndipo sanafuulenso chotero chiyambire tsiku limenelo. Anthu onse anaima, ngakhale kuti panalibe wina womva Chichewa.

"Chotsa chala. Tsitsa mfuti. Tsegula pang'onopang'ono."

Ndinachita zimene ananena. Anatenga mfutiyo, anachotsa chofiira chija, n'kusuzumira mumpope ataulozetsa kumwamba. Anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anandipatsa kuti nane ndione. Kumapeto kwa mpope kumayenera kuoneka kuwala, koma ine ndinaona mdima wokhawokha.

Mkulu woyang'anira bwalo, mzungu wachikulire wa ndevu zoyera, anabwera ndi kandodo kopukutira mfuti. Anakalowetsa kukamwa kwa mpope n'kukankha pang'ono. Chipolopolo chachikasu chinatuluka n'kugwera pa udzu, pafupi ndi nsapato yanga. Popeza chinali chaching'ono, chinali chitatsetsereka n'kukatsakamira mkati mwa mpope. Mkuluyo anachitola, ndipo anandionetsa ndi chala malo amene chinatsakamira. Anali malo omwe aja ndimagwira ndi dzanja lamanzere. Anandiuza mosakalipa kuti ndikanawombera chofiira kumbuyo kwake, mpope ukanaphulika pamenepo.

Simran anayamba kulira. Ndinacheukira adadi ndikuyembekeza kuti andikalipira pamaso pa anthu onse, koma iwo anangotambasula dzanja. Ndinatulutsa zachikasu ziwiri zotsala n'kuwapatsa. Anakabweza zipolopolozo kwa bambo a Simran, anapepesa kwa mkulu uja, ndipo tinanyamuka mpikisano usanathe.

Tisanalowe m'tauni adadi anakhotera pa malo ena ogulitsa khofi, anaimika galimoto, koma sanatuluke. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, n'kupuma mpweya wautali.

"Munadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Ndinaona dzanja lako likulowetsa chinthu. Sindinalione likutulutsa. Kenako ndinaona ukulowetsanso china." Anatembenukira kwa ine. "Tandiuza, mwana wanga, unazitengeranji?"

Misozi inatuluka pamodzi ndi zonse zimene ndinkasunga. Ndinawauza za utsi, za kabokosi kong'ambika, za bambo a Simran ndi mawu awo aja, ndiponso kuti ndinatopa n'kukhala womaliza. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Chabwino," anatero. "Amako ukawauza wekha, ndi pakamwa pako. Ine ndikangokhala pambali."

Chimenecho ndinachiopa kuposa chikwapu. Tinawapeza amayi akupinda zovala pa balaza. Ndinafotokoza zonse nditaima, osasiyako kanthu. Amayi anaika pansi malaya amene anali m'manja, anandikokera pafupi, n'kugwira manja anga onse awiri. Anawatembenuza uku ndi uku ngati akufufuza bala.

"Ndinanena," anatero motsitsa mawu. "Ndinanena kuti zidzathera pomwepo."

"Munanenadi," adadi anayankha. "Ndipo mukalimbikira, sindikutsutsani. Koma ndikupempha Loweruka limodzi lokha. Mwanayu ali ndi funso limene ine ndinaliseka m'malo moliyankha. Akasiya lero, adzakula akukhulupirira kuti vuto linali umphawi wa bambo ake."

Amayi sanayankhe tsiku limenelo. Sabata yonse ndinkayenda m'nyumba ngati mlendo, ndikutsuka mbale zimene sanandiuze kuti nditsuke. Loweruka m'mawa ndinawapeza atavala jekete yawo yaikulu ndi chipewa chaubweya.

"Ndikupita nawo," anatero. "Ndikaone ndi maso anga."

Adadi anali atagula bokosi limodzi la zipolopolo zodula, za sayizi ya mfuti yathu. Tisanapite pamzere, anapachika mapepala awiri aakulu pa chikwangwani cha kumapeto kwa bwalo. Pa loyamba anawombera chotchipa, pa lachiwiri chodula, ndipo tonse atatu tinayenda kukaona. Chipolopolo cha mfuti yotere chimakhala ndi timachaka tambirimbiri timene timamwazika ukawombera. Pa pepala la chodula timabowo tinali togawika bwino ndi toyandikana. Pa la chotchipa tinali tomwazika pang'ono, ndipo m'mbali munali mipata.

"Waona? Sunaname," adadi anatero. "Kusiyana kulipo. Tsopano tione ngati kusiyanako n'kumene kukukuphonyetsa."

Anandiuza kuti ndiziyang'ana kutsogolo, iwo n'kumandiikira chipolopolo mumfuti, nthawi zina chotchipa, nthawi zina chodula, ine osadziwa. Amayi anapatsidwa pepala kuti azilemba. Ndinawombera maulendo awiri athunthu. Ndikaphwanya ndinkadziuza kuti chimenecho n'chodula, ndikaphonya ndinkati n'chotchipa. Titamaliza, amayi anatambasula pepalalo pabenchi. Ndinali nditaphonya ndi zonse ziwiri mofanana. Kambale kamene ndinakaphwanya bwino koposa, kaja kanasanduka fumbi mpaka ndinakuwa, ndinakaphwanya ndi chotchipa.

Amene anatulukira vuto lenileni anali amayi, munthu amene sanagwirepo mfuti.

"Ine sindikudziwa za zimenezi," anatero, "koma mwanayu akamawombera akumadzutsa mutu. Akufuna aone ngati wamenya asanamenye."

Adadi anawayang'ana, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Miyezi yonse ija ankayang'anitsitsa manja anga ndi kumene mfuti yaloza, moti tsaya langa sankaliona kuti likuchoka pa thabwa la mfuti. Ulendo wotsatira ndinakanikiza tsaya ngati lamatidwa, ndipo timbale tinayamba kusweka motsatizana. Pobwerera amayi sananene kuti ndapulumuka chiletso. Anangofunsa kuti Loweruka likubweralo tidzanyamuka nthawi yanji. Ndinatsamira kumbuyo, ndikumva ngati ndatula thumba la chimanga limene ndinasenza sabata yonse.

Lero ndimakhala mumzinda wa Hamilton, ku Canada konkuno, ndipo ndikadali kuwombera. Poyeserera ndimagula zotchipa. Pa mpikisano waukulu, pamene timbale timakhala patali, ndimagula zodula, chifukwa pa mtunda wotero kusiyana kuja kumaonekadi, ndipo sizipweteka phewa kwambiri. Koma ndinafika pofunika zodulazo patapita zaka, nditatha kukonza zolakwika zimene zinali mwa ine. Ndili mwana ndinkafuna kugula chimene chinkafunika kuphunzira, ndipo manyazi anandichititsa kubisira munthu yekhayo amene ankaima kumbuyo kwanga kuti anditeteze.

Chaka chatha adadi anandiuza chinthu chimene anali asanandiuzepo. Pamene ndinkaika chipolopolo chachikasu chija, mnzawo wina anali atangowaitana kumbuyo kuti awapatse moni. Anati khosi linali litayamba kale kutembenuka, koma anaganiza kuti moniyo adikire mpaka mwana awombere.

"Munthuyo anakhumudwa kuti sindinamuyankhe," anatero. "Mpaka lero sindinamupepese."

Ndinawauza kuti asadzamupepese.