Ulendo wa Madisiki

Zaka zomaliza za ulamuliro wa chipani chimodzi zinandipeza ku Mzuzu, ndikugwira ntchito pa kampani ina yogula mbewu. Kwathu ndi ku Zomba, koma ndinkachita lendi ku Chibavi, m'kanyumba kamene nkhungu inkalowamo ngati kwawo. Mu ofesi yonse kompyuta inali imodzi, ndipo woigwira ndinali ine.

Mwezi ukamatha, madisiki a nthambi yathu ya ku Karonga ankabwera pa lole. Ndinkakopera mafayilo awo mu kompyuta yanga, n'kuwaphatikiza ndi athu, kenako n'kukoperanso zonsezo m'madisiki atsopano. Ndikatero ndinkawakulunga m'chitenje n'kukwera nawo basi kupita ku likulu la kampani ku Blantyre. Disiki imaopa dzuwa, fumbi ndi chinyontho kuposa khanda, choncho inkafunika woiperekeza.

Anzanga ankandimvera chisoni, amvekere msana udzakuthera m'basi. Ine ndinkangovomera. Chimene sindinkanena n'chakuti achimwene anga, amene anandilera ndi kundiphunzitsa, anali m'ndende ina ya kum'mwerako. Anatengedwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo masiku amenewo dzina la munthu wotero sunkalitchula ngakhale m'pemphero la mokweza. Kupempha tchuthi mwezi ndi mwezi kukanadzutsa mafunso. Koma wonyamula katundu wa kampani ndani akanamufunsa? Ndikapereka madisiki ku likulu, ndinkapatukira kundendeko.

Kuwaona sankandilola. Chololedwa chinali kusiya kaphukusi pachipata: sopo, shuga, mtedza wokazinga. Msilikali wa pachipata akamva dzina n'kulandira kaphukusiko, ndinkadziwa kuti achimwene ali moyo. Uthenga wonse unali womwewo, ndipo unkandikwanira mpaka mwezi wina.

Chaka china, mvula itangoyamba, kunabwera katswiri wa ku likulu atanyamula kabokosi kotuwa kolumikizira kompyuta ku nthambo ya foni. Anali bambo wansangala, wokonda ntchito yake mpaka tiyi kumuzizirira m'kapu.

"Mayi, mwapumula," anandiuza. "Ku Karonga taikakonso kabokosi kotere. Inu muzingolamula muli pampando pomwepa. Makina a ku Karonga azikopera okha mafayilo m'makina a ku Blantyre, osadzeranso m'manja mwanu. Mafayilo anunso azitsata njira yomweyo."

"Nanga akasochera panjira?" ndinafunsa.

"Akafika, kompyuta ikuuzani kuti afika."

Munthuyo ndinamuda, ngakhale sanandilakwire kanthu. Ankaseka ndi mtima woyera, poganiza kuti wanditula mtolo.

Abwana athu anali bambo a ku Nkhata Bay, mkulu wa mpingo, osakonda zolankhulalankhula. Za achimwene sindinawauzepo, koma ndikabwerako ku ulendo ankandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kukaya kuli makora, mama?" Ndikati kumudzi kuli bwino, ankagwedeza mutu n'kulowa mu ofesi yawo. Tsikulo anaima kumbuyo kwa katswiri uja, manja ali m'thumba.

"Adada, mvula ya kuno simukuidziwa," anatero. "Mitengo imagwera nthambo sabata ndi sabata. Mama awa aziperekezabe madisiki, just in case."

"Tiyese lero lomwe, bwana, poti mvulayo ndi iyi," anayankha katswiriyo. "Zikakanika, ndikanena ku likulu kuti ulendo upitirire."

Kunja kunali chimvula chenicheni cha ku Mzuzu, choti sungamumve mnzako akamalankhula pansi pa malata. Chiyambire sindinapemphererepo kuti ntchito iwonongeke, koma tsiku limenelo ndinapemphera. Ndinapempha mtengo umodzi wokha, uliwonse wa m'nkhalango ya Chikangawa, kuti ugwere nthambo.

Lamulo lotumizira mafayilo ndinalitayipa ndekha, katswiriyo akunditchulira. Kabokosi kanalira ngati nkhuku yotsamwa, kenako kanakhala chete, timagetsi take tikuphethira. Tinadikira. Pakati pake timagetsito tinazima pang'ono, mtima wanga n'kudumpha ndi chimwemwe chochititsa manyazi, koma tinayakanso. Posakhalitsa mawu anaoneka pagalasi la kompyuta, ndipo a ku Blantyre anaimba foni kuti zonse zafika, za ku Karonga ndi zathu zomwe, popanda chosowa.

Anzanga anaomba m'manja. Abwana anagwira katswiriyo chanza n'kunena kuti, "Yewo chomene, adada." Anthu atabalalika anadzaima pa tebulo langa, maso ali pazenera.

"Phepani, mama. Ndayesa."

M'chikwama mwanga munali juzi imene ndinkalukira achimwene, itatsala mkono umodzi.

Kuyambira pamenepo ntchito ya kutha kwa mwezi inkatha tiyi asanazizire. Mwezi uliwonse galasi linkandiuza kuti mafayilo afika bwino, ndipo mwezi uliwonse ndinkaliyang'ana ndi mkwiyo, chifukwa za mafayilo sindinkafunsa ine. Juzi ija ndinaimaliza, n'kuipinda, n'kuisunga pansi pa pilo. Mvula inatha, chisanu cha mu June chinafika n'kupita, ine ndikudikira tchuthi changa cha pachaka.

Chitafika ndinakwera basi yomwe ija, m'chitenje muli juzi ndi sopo. Pachipata ndinapeza msilikali amene ankandidziwa nkhope. Ndinatchula dzina monga mwa masiku onse. Iye anayang'ana kaphukusiko, kenako anakakankhira pang'onopang'ono kwa ine.

"Bwererani nako, mayi. Mwachedwa."

Ndinamufunsa kuti zinachitika liti. Anangoyang'ana kumbali. Mpaka lero sindidziwa kuti ndi mwezi uti umene achimwene anadikira sopo wanga komaliza.