Ndinayanika Chakudya cha Galu pa Thandala la Usipa

Ndinapha galu wa mwana wanga ndi manja angawa, ndipo ndinamupha ndikuganiza kuti ndikumuchitira zabwino. Inu owerenga, makamaka osunga agalu, imvani nkhaniyi, mwina galu wanu n'kupulumukira pa uchitsiru wanga.

Ndine mayi wamasiye. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma banja linandiwolotsa nyanja, moti ndakhazikika kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania, ndikuyanika usipa, umene anzathu kuno amati dagaa. Mwana wanga wamkazi, Neema, popita kusukulu yogonera ku Mbinga anandisiyira galu wake, Chai. Anamutcha dzinali, lotanthauza tiyi m'Chiswahili, chifukwa ubweya wake unali ngati tiyi wamkaka. Pokwera basi sanalirire ine mayi wake ayi, analirira galuyo. Anangoti, "Mama, mundisamalire Chai, ndidzamupeze."

Chai ankadya zimene Neema anamuzoloweza: usipa wowiritsa wopanda mchere, dzungu, mbatata ndi kamkute. Anali wamphamvu, akhwangwala samayandikira pa thandala. Vuto linali ine. Ine ndimalota masanasana. Ndikamatembenuza usipa, manja amagwira ntchito koma mutu umakhala utapita ndi mitambo kutsidya, ndipo anzanga amachita kundiitana katatu.

Tsiku lina pa duka lina ndinaona thumba la chakudya cha agalu. Panali chithunzi cha galu waubweya wagolide akuthamanga pa udzu wobiriwira, makutu ali m'mwamba, miyendo yosagunda pansi. Ndinaima pamenepo mpaka mwini duka anafunsa ngati ndamva chizungulire. M'maso mwanga galu uja anali atasanduka Chai. Ndinaona Neema akutsika basi pa tchuthi, Chai akumuthamangira akunyezimira, anthu a pa stendi ya basi akutembenuka n'kumafunsana kuti galu wa ndani ameneyu. Ndinagula. Kumbuyo kwa thumba kunali timalemba tachingerezi, koma sindinawerenge, ngakhale kufunsa wina kuti andiwerengere. Chimene ndinagula ine ndi chithunzi.

Kuyambira tsikulo usipa ndi dzungu ndinasiya kumupatsa, ndinkati n'zachimidzi. Thumba lija ndinaliika pansi pakona ya chipinda, pamene khoma limakoka chinyezi, ndipo sindinkalimanga kukamwa. Mvula inagwa sabata yathunthu, ija yamvumbi yobisa mapiri, nyanja ndi thambo n'kukhala chinthu chimodzi. Nditadzasuzumira bwino m'katimo, timibulu ta chakudyacho tinali titagwirana, titachita chuku chobiriwira, tikununkha ngati nyumba yosagonamo anthu.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwambiri. Ife akunyanja timakhulupirira dzuwa. Usipa ukanyowa timayanika, chinangwa choviika timayanika, ngakhale matiresi timayanika. Dzuwa litangowala ndinamwaza timibulu tija pa thandala, n'kumatitembenuza ndi dzanja monga ndichitira ndi usipa, uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Kenako ndinapeta pa lichero. Chuku chinaoneka ngati chapita ndi mphepo, ine n'kudziyamikira kuti ndine mayi wosataya chinthu. Chai ananunkhiza n'kutembenuka. M'malo momumvera ndinathirapo msuzi wa nsomba, ndipo anadya chifukwa ankandikhulupirira.

Patapita masiku, akhwangwala anayamba kutera pa thandala Chai ali chigonere patsinde pa mango. Ine ndinkati akupuma, ubweya wagolide ukubwera. Atayamba kusanza, maso atasanduka achikasu, m'pamene ndinadzidzimuka ku maloto anga n'kuitana bwana mifugo, dokotala wa ziweto. Anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kundiuza ndibweretse thumba. Nditafotokoza zimene ndinachita anapukusa mutu.

"Mama Neema, chuku si madzi kuti chiume. Chiphe chake chimatsalira m'kati, ndipo chamuwononga chiwindi."

Anatembenuza thumba n'kundiwerengera. Anati chimene chalembedwa poyamba ndicho chochuluka m'katimo. Poyamba panali chimanga, kenako gaga, nyama inali kumunsi kwenikweni. Tsiku lake lothera ntchito nalo linali litadutsa. Anatinso usipa uja ndinkaunyoza ndiwo unkamanga thupi la galuyo. Anamubaya jakisoni, mawa lake anabweranso, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Chai anafa Lachinayi m'mawa, mutu utatsamira paphazi langa. Ndinalira ngati wamwalira munthu, ndipo sindichita nazo manyazi.

Inu owerenga, sindikunena kuti chakudya cha m'matumba n'choipa chonse. Chabwino chilipo. Koma tembenuzani thumba musanalipire. Onani ngati nyama kapena nsomba yatchulidwa poyamba, onani tsiku, ndipo ngati chingerezi chakuvutani, kufunsa ndi kudziwa njira. Sungani pamalo ouma, pamwamba, mutamanga bwino. Chikachita chuku kwirirani pansi, musayanike, musapete. Galu akakana chakudya musamunyengerere ndi msuzi, mphuno yake imadziwa kuposa maso anu. Ngati pakhomo pali nsomba ndi dzungu, musazione kuchepa.

Lamlungu Neema anaimba pa foni ya amatroni a kusukulu kwawo. Ndinali nditakonza bodza loti Chai wagundidwa ndi njinga yamoto ya bodaboda, koma nditamva mawu ake bodzalo linandikanika, ndinamuuza zonse. Sanandikalipire. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Mama, kodi usipa unatha pakhomopo?"

Usipa unali mbwee pa thandala, kutsogolo kwangako.