Faridah ndi Funso Lakuti “Akuti Ndani?”

Faridah ndinamudziwa chaka chimene anadzachita lendi chipinda chakuseri pamalo pamene ndimakhala ku Parow, kuno kudziko la eni. Ine ndine Pitilani. Ndimasamala maluwa m’nyumba za ku Hout Bay, ndipo imvi zandipeza konkuno. Sukulu sindinapite nayo patali, koma bodza likamabwera ndimalizindikira. Zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndekha. Zimene ndinachita kumva, ndinena amene anandiuza.

Kwawo kwa mtsikanayu ndi ku Machinga, m’mudzi wa Namalweso. Bambo ake anamwalira iye ali wamng’ono, ndipo sukulu anasiyira Folomu 2. Amene anamuitanitsa kuno ndi amalume ake, a Masoud, omwe amapala ndi kutumbula nsomba padoko la Hout Bay. Poyamba anamupezera ntchito ya m’nyumba ku Camps Bay, koma sanakhalitseko. Iye anandiuza kuti abwana ake analibe vuto, chimene chinamukanika n’kusambitsa agalu. Atachoka kumeneko analowa saluni ya mayi wina wa ku Kongo pamsewu wa Voortrekker, ndipo mpaka lero amaluka tsitsi pomwepo. Ndi Msilamu, mapemphero a swala sadumphitsa, ndipo sindinamumvepo akunena munthu kumbali.

Pa intaneti pali buku lalikulu lofotokoza zinthu m’Chichewa, limene aliyense angathe kulembamo ndiponso kukonza zimene mnzake walemba. Eni ake amati insaikulopediya. Ine liwu limenelo limandipinda lilime, choncho ndizingoti buku. Faridah analipeza pa foni, n’kuona kuti tsamba lonena za malukidwe a tsitsi lili ndi timizere tochepa. Anakhala pansi n’kulemba zonse zimene amadziwa. Kutacha anapeza zafufutidwa. Wofufutayo anali a Ellina, mphunzitsi wa ku Zomba, mmodzi wa oyang’anira bukulo, ndipo anamusiyira mawu akuti: “Zikomo polemba, achemwali. Koma zimenezi mwazitenga kuti?”

Anabwera pakhomo panga foni ili m’manja.

“Madala, tamvani chipongwe! Munthu woti mwina ngakhale chipeso sadziwa kugwira akundifunsa kuti ndazitenga kuti. Ndazitenga m’manja mwangamu!”

“Manja akowo akuwaona ku Zombako?” ndinamufunsa.

Anandiyang’ana moipidwa n’kubwerera m’chipinda mwake. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma anawalembera a Ellina, ndipo mayiwo anayamba kumuphunzitsa pang’onopang’ono.

Lamulo lalikulu ndi la gwero. Chilichonse chimene walemba uyenera kuonetsa buku, nyuzipepala kapena lipoti limene wachitengamo, kuti munthu wina amene sakukudziwa akachipeze yekha. Limeneli analimva msanga. Limene linamuvuta ndi losatamanda. Analemba kuti mpunga wa kilombero ndi wokoma kuposa wina uliwonse, a Ellina n’kuchotsa mawu otamandawo. Faridah anakangana nawo sabata yathunthu pa tsamba lokambirana, kumene olemba amathetsera mikangano yawo, mpaka anavomera kuti kukoma kuli m’kamwa mwa wodya. Anaphunziranso kuti mnzako akabweza zimene wakonza, simulimbana ngati ana olandana nsalu, mumakakambirana. Ndiponso kuti nkhani ikakhudza iwe mwini kapena m’bale wako, woweruza akhale wina.

Ankalemba kasitomala akachoka, wina asanakhale pampando. Foni ankaikulunga m’kapulasitiki chifukwa cha mafuta a tsitsi. Zaka zitapitapo olemba anzake anamusankha kukhala woyang’anira, n’kumupatsa mphamvu yotseka tsamba limene anthu akulimbanirana ndiponso yoletsa munthu wowononga. Iye mphamvuyo ankaitcha makiyi. Sanadzitukumule nayo.

Tsopano ndinene za liwu lakuti “akuti”. Liwu limeneli lapasula mabanja ambiri kuno. Akuti uje ali ndi mkazi wina ku Bellville. Akuti uje anagwidwa. Ukafunsa mwini mawu, palibe amene amaimirira. M’bukumo salilola kuyenda lokha. Chiganizo chikayamba ndi “akuti” popanda dzina, amaikapo kachizindikiro kofunsa kuti “Akuti ndani?” Ine nditamva zimenezi ndinakondwa. Koma ndinaiwala, ndipo Faridah nayenso anaiwala, kuti kwathu “akuti” ndi ulemunso. Munthu wamkulu mmodzi akalankhula, sitinena kuti wati. Timati akuti.

Nthawi imeneyo n’kuti Faridah atapeza mwamuna, Nuhu, mnyamata wofatsa woperekera katundu pa njinga yamoto, wa ku Namalweso komweko. Kuti ukwati uchitike pankafunika ankhoswe. Kuchikazi anali a Masoud, popeza ndiwo eni mbumba. Kuchimuna anali a Luqman, amalume a Nuhu, mlonda wa ku Bellville. Popanda awiriwa shehe sakanamanga ukwatiwo, ndipo kumudzi sakanauwerengera.

Tsamba la mudzi wa Namalweso analiyamba ndi Faridah yemwe, potengera lipoti la kalembera. Tsiku lina anapeza munthu wodzitcha Mwana wa Namalweso wawonjezerapo mzere wakuti: “Akuti mzikiti woyamba wa m’mudzimu anamanga ndi Che Bwanali.” Che Bwanali ndi agogo a amayi ake a Faridah, ndipo dzinalo analizindikira. Komabe anaikapo funso lija monga amachitira paliponse. Sanadziwe kuti wolembayo ndi amalume ake.

Lamlungu masana ndikunola sizasi yodulira maluwa pabwalo, a Masoud analowa osapereka moni. Faridah anatuluka n’kugwada.

“Mwaswera bwanji, amalume?”

“Ndaswera bwanji? Dzina limene lili pansi pa funsoli ndi la ndani?”

Faridah anayang’ana foni yawo. “Ndi langa, amalume.”

“Ndiye iwe ukufunsa kuti akuti ndani? Akuti bambo anga! Agogo ako, amene anakunyamula uli khanda! Anandiuza ndi pakamwa pawo kuti mzikiti uja anamanga ndi bambo awo. Lero ali m’manda, iwe ukuwaimika pagulu kuti ndani?”

“Sindinadziwe kuti ndinu munalemba, amalume. Ndiponso sindikuti agogo ananama. Funsolo ndi la munthu wowerenga ku Mzuzu, amene agogo sanawaonepo.”

“Wa ku Mzuzu akufuna chiyani pa mzikiti wathu? Chotsa.”

Tsamba limenelo ndi laling’ono, ndipo Faridah anandiuza pambuyo pake kuti akanachotsa funsolo mwina palibe akanaona.

“Sindichotsa, amalume. Mukandipezera pamene zinalembedwa, ndikonza ndekha lero lomwe.”

A Masoud anaika foni m’thumba. “Chabwino, abwana a intaneti. Ukwati wakowo akakuimire a ku Mzuzuwo.”

Anatuluka, chipata n’kuchisiya chotsegula.

Apa ndinene maganizo anga. Lamulo lija ndi louma. Zinthu zambiri za kwathu sizinalembedwe, zili m’mitu ya anthu okalamba, ndipo a Masoud sananame ponena kuti anamva kwa bambo awo. Ndinamuuza Faridah zimenezi. Anandiyankha kuti: “Ndikudziwa, madala, ndipo zimandipweteka. Koma ndikatsegulira agogo anga, nditsegulire agogo a aliyense. Nanga akasemphana?”

Sipanapite nthawi agogowo anasemphanadi. A Luqman ataona funso lili pa dzina la Che Bwanali, anafufuta mzere wonse n’kulemba wawo: “Akuti mzikiti woyamba wa m’mudzimu anamanga ndi Che Saidi.” Che Saidi ndi agogo awo. Nuhu anandiuza kuti Lachisanu potuluka mu mzikiti a Luqman anauza a Masoud anthu akumva kuti: “Mwaona, achimwene? Ngakhale mwana wa mlongo wanu akudziwa amene anamanga.” Kuyambira pamenepo a Masoud anakhulupirira kuti Faridah wawagulitsa pofuna kukondweretsa akuchimuna. Tsambalo analeka kulitsegula, ndipo foni ya Faridah sankayankha.

Faridah anaika funso lomwe lija pa mzere wa a Luqman. Iwo analichotsa. Analibwezera, iwo n’kulichotsanso. Apo analeka. Makiyi anali nawo, akanatha kutseka tsambalo kapena kuwaletsa a Luqman kulemba, koma nkhani inali ya abale ake. Anawalembera a Ellina n’kuwafotokozera ubale wonse osabisa. A Ellina anachotsa mzerewo, n’kulemba pa tsamba lokambirana kuti mayina onse awiri adikire gwero, kenako anatseka tsambalo.

Madzulo ena Nuhu anafika pa njinga yake, chipewa osavula n’komwe.

“Faridah, amalume akuti ndipeze mkazi wina. Akuti iwe ulibe ulemu.”

“Nanga iwe ukuti bwanji?”

“Ine ndikuti kamzere kamodzi kokha! Ndani amawerenga za Namalweso? Ungowasiyira, tikwatirane, uzikakonza pambuyo.”

“Ndiye ndiyambe banja ndi kunamiza anthu amene anandikhulupirira?”

“Aaa, iwenso. Tsopano ankhoswe onse awiri watha nawo. Tikamangitsa ukwati ndi a Pitilani?”

“Ine ndine wa mpingo,” ndinatero. “Musandilowetse.”

Nuhu anaseka pang’ono, koma Faridah sanaseke. Masiku amenewo anaonda. Kuntchito ankapita, kulemba sanasiye, koma mawu ake sankamvekanso pabwalo.

Ine sindine mkhalapakati, ndipo sindinatumidwe. Koma ndinaona kuti a Masoud akwiyira chinthu chimene sichinachitike, ndipo zoterozo sinditha kungoziyang’ana. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsikira kudoko. Ndinawapeza atavala epuloni ya pulasitiki, mamba ali mpaka m’zigongono.

“A Pitilani, ngati wakutumani ndi mwana uja, bwererani.”

“Sananditume. Ndabwera ndi funso langa. Tsamba lija munalitsegula liti?”

“Nditsegulirenji? Ndikaone dzina la Che Saidi?”

“Palibepo. Anawafunsa a Luqman funso lomwe anakufunsani inu, kawiri konse. Lero a Luqman akuuza Nuhu kuti asiye mkaziyo.”

A Masoud anaika mpeni pansi. “Wamufunsanso Luqman?”

“Ndinaona ndi maso anga. Ngati simundikhulupirira, tsegulani. Kumeneko chilichonse chimene munthu wachita chimatsala poonekera.”

Anapukuta manja, n’kutulutsa foni. Anawerenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera. Kenako anaseka mpaka anzawo ogwira nawo ntchito anacheuka.

“Luqman! Akuti ndani! Ndiye ankadzitama chiyani pa mzikiti paja?” Anapukuta misozi ndi mkono. Kenako nkhope inasintha. “Ndiye iyeyo akuti mwana wa mlongo wanga alibe ulemu? Iyeyo ndani kuti akane mbumba yanga?”

“Inu simunaikane?”

“Ine ndi nkhani ina. Ine ndine mwini wake.”

Loweruka lotsatira a Masoud anavala mkanjo woyera n’kupita ku Bellville. Kumeneko sindinaliko, anandifotokozera ndi Nuhu amene anawaperekeza. A Masoud anauza a Luqman kuti nkhani ya mzikiti idzathera kumudzi pamaso pa akuluakulu, koma ya ana ithe lero. A Luqman anayamba kuvuta. A Masoud anati: “Mukakana, anthu adzati mwakana chifukwa mtsikana anakufunsani funso inu n’kusowa yankho. Ine anandifunsa, ndipo ndabwera.” A Luqman anangoti mtsikanayo ndi wouma mutu. A Masoud anavomera kuti ndi woumadi mutu, anatengera amayi ake. Pa mfundo imeneyo anagwirizana, ndipo anayamba kukambirana za tsiku.

A Masoud sanapepese kwa Faridah, ndipo iye sanayembekezere kuti apepese. Mpaka pano amanena kuti lamulo la bukulo ndi lachipongwe kwa akufa. Tsamba la Namalweso likufotokoza za chiwerengero cha anthu, sukulu ndi mbewu zimene amalima, koma za amene anamanga mzikiti silinena kanthu. Faridah analemba pa tsamba lokambirana kuti amene akudziwa buku kapena nyuzipepala yonena za mzikitiwo amuuze. Palibe amene wayankha.

Ukwati unamangidwa mu mzikiti, phwando n’kuchitikira pabwalo lathu lino ku Parow. Ine anandiika pa mpando wa akuluakulu. Itakwana nthawi ya malangizo, a Luqman analankhula zambiri za kupirira. A Masoud anaimirira pambuyo pawo, n’kumuyang’ana Nuhu kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mkamwini, ine ndilibe zambiri. Ndakupatsa mwana wa mlongo wanga. Ukachedwa kubwera kunyumba, ubwere ndi nkhani yoona. Ameneyu sanandisiye ine amalume ake, ndiye iwe usayese.”