Chitini cha Majakisoni Kunsi kwa Bedi

Ndidafika ku Etobicoke mdzukulu wanga wamkazi ali ndi zaka zitatu. Mayi ake, mwana wanga woyamba, adali nesi ku Toronto, ndiye adanditumizira tikiti kuti ndizikalera. Tinkakhala fulati yapansi penipeni, khomo lake loyang'ana kabwalo ka udzu komwe kudali katungwe wa ana ndi mchenga wosewererapo.

Ine chibadwire sindidalolepo kuti dzuwa likwere pakhomo pali posasesa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi tsache. Mkamwini wanga ankati, "Amayi, alipo munthu amene amalipidwa kuti azisesa pamenepo." Ine ndinkati, "Abwere, adzapeza ndatha." Munthu wakeyo ankabwera kamodzi pa sabata ndi chimakina chouzira masamba, kuchotsa zinyalala apa n'kukaziunjika apo. Kusesa kumeneko?

Lachiwiri ndi Lachisanu kunkaima vani yoyera kuseri kwa malo oimika magalimoto. Anthu ankandanda pamenepo, oonda, ena akutsokomola, ena akunjenjemera. Ndidati eya, chipatala choyendayenda ichi, ngati chija chinkabwera kwathu kudzakweza ana sikelo. Tsiku lina ndidamanga chitenje chabwino pamwamba pa jekete n'kukaima nawo pamzere kuti akandipime kuthamanga kwa magazi. Mkatimo mudali mtsikana wachizungu wa ndolo pamphuno. Ndidapinda malaya n'kumupatsa mkono. Adauyang'ana, adandiyang'ana, adafunsa zake zachizungu, ine n'kumangoti, "Yesi, yesi." Adandipatsa kathumba kapepala.

Kunyumba mwana wanga adakatsegula. Majakisoni atsopano ndi makondomu! Adaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, makondomuwa ndi a ndani? Mwapeza bambo kuno osatiuza?"

"Iwe, ndidakubereka ine. Tandiuza, chipatala chanji chimenechi?"

"Si chipatala. Anthu aja amadzibaya mankhwala osokoneza bongo. Amabweza majakisoni akale n'kulandira atsopano, kuti asamabwerekane n'kupatsirana matenda aja."

Ndidapsa mtima. Pa kachipatala ka kwathu nesi ankawiritsa singano zomwezomwezo m'kasefuliya pa pulaimasi, zina zobuntha moti zinkalowa m'thako ngati msomali. Kuno zatsopano zikugawidwa ulere kwa anthu odzipha okha!

Choncho tsiku lomwe mwana wanga adabwera kuntchito n'kunena kuti akuluakulu akata ndalama za vani ija, akuti msonkho usamathere pa anthu oterowo, ine ndidaomba m'manja. Ndidati nzeru zawabwerera. Iye adangovula nsapato n'kunena kuti, "Muziona, amayi."

Vani idasiya kubwera m'nyengo yozizira. Koma anthu aja sadasamuke ayi, adangosowa kobweza. Chisanu chitasungunuka ndidayamba kuwapeza majakisoni: koyamba kuseri kwa bini, kenako mu mpanda wa maluwa, kenako mumchenga, pansi pa katungwe penipeni. Ndinkatola ndi manja monga ndimatolera chilichonse chimene tsache lakana.

Nanga kutaya? Chinthu chonyezimira, chogwira ntchito kamodzi kokha, singano yake yakuthwa bwinobwino? Mtima udakana. Ndidapeza chitini cha mabisiketi n'kumaponyamo. Ndidati chikadzaza ndidzawiritsa bwino, ndipatsire mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankakonzekera ulendo wa kumudzi, akapereke kwa nesi wathu uja. Mwana wanga sindidamuuze. Munthu wotaya mabotolo abwino ndi majumbo ameneyo akadamva chiyani? Chitini ndidachikankhira kunsi kwa bedi langa.

Lidali Lachinayi masana, ndikusita mayunifolomu, pomwe ndidamva kakulira kakang'ono kuchipinda. Ndidapeza mdzukulu wanga ali khale pansi, chitini chili yasa, chidole chili pamiyendo.

"Agogo, doli akudwala," adatero m'Chichewa chake chopindikacho. Ankamubaya jakisoni monga amachitira mayi ake kuntchito. Pachala chake chachikulu padali kadontho ka magazi.

Ndidayamwa chalacho n'kulavula, kuyamwanso n'kulavula. Kenako ndidathamangira pa foni. Manambala sindiwadziwa, koma mwana wanga adapaka utoto wofiira wa m'zikhadabo pa batani limodzi loti ndikadina limufikire kuntchito.

"Mwati wadzibaya ndi chiyani?"

"Jakisoni wa m'chitini."

"Chitini chanji?"

"Cha kunsi kwa bedi. Ndimafuna ndiwiritse..."

Foni idaduka. Adafika pa takisi, sadandiyang'ane n'komwe, adangonyamula mwana ndi chitini, ine n'kumatsatira pambuyo ndi tinsapato ta mwanayo m'manja. Kuchipatala adamutenga magazi. Dokotala adati palibe angadziwe lero: adzayezanso pakapita masabata, ndipo yankho lenileni ndi pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Tili pa benchi mwana wanga adalankhula motsitsa, mano ali luma. "Amayi, ana a mchemwali wanu awiri atamwalira mudawasambitsa ndinu. Matenda amenewa mukuwadziwa."

"Ndidati ndiwiritsa."

"Muwiritse liti? Mwana wayembekeza kuti muwiritse?"

Titafika kunyumba adatenga tsache langa n'kulitsekera m'galimoto ya amuna ake.

Miyezi isanu ndi umodzi! Mwana akatsokomola, ndinkamuika khutu pachifuwa. Akakana chakudya, ndinkamuyang'ana m'kamwa, kumugwira m'khosi. Ndinkamunyamula m'mawa uliwonse kuti ndimve ngati wapepuka. Iye n'kumakankha, "Agogo, sitopu!" M'nyumba tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi. Ndidadzitukwana mokwanira, musaganize kuti ndikudziyeretsa. Koma ndikaima pawindo n'kuwona tinthu tija tikunyezimira mumchenga, tsache ndilibe, ndinkatukwananso ena. Amene adakata ndalamawo, ana awo amasewera kuti? Adafunsako munthu mmodzi wosesa? Bambo wa chimakina uja ankangouzira majakisoniwo ku mpanda n'kumapita. Ndipo ine, gogo wopusa, ndidawaombera m'manja anthu amenewo.

Loweruka lina ndidawona munthu akuwerama pansi pa katungwe. Mtsikana wa ndolo pamphuno uja. Adabwera pa basi, yekha, ngakhale ntchito ya vani ija idali itatha, atanyamula chidebe chachikasu chotseka ndi chopanira chachitali ngati chotembenuzira nyama pamoto. Atandiwona adapinda malaya ake, n'kundilozera mkono, n'kuseka. Adandikumbukira, wamwano! Ndidatuluka. Chizungu ndilibe, Chichewa alibe, koma ndidamugwira dzanja n'kumuwonetsa kuseri kwa bini, mu mpanda, paliponse pomwe ndinkadziwa. Pochoka adandisiyira chopaniracho ndi chidebe, n'kundiwonetsa ndi zala kuti chikadzaza adzabwera.

Yankho lomaliza lidabwera masamba akugwa. Mwana wanga adalowa, adaima pakhomo ndi jekete yake, n'kuti, "Alibe." Ndidangokhala pansi pakhomo la kukhitchini. Mdzukulu adandikwera pamsana akuyesa ndi masewera.

M'mawa mwake ndidapeza tsache langa litatsamira khomo, pamwamba pake atakolekapo magolovesi achikopa okhuthala.

"Koma muzitola ndi chopanira, amayi," adatero mwana wanga. "Ndipo kumudzi sitikutumiza kanthu."

Vani ija sidabwerenso zaka zonse zimene ndidakhala pa fulati imeneyo. Chidebe chachikasu ndinkadzaza ndine, mtsikana uja n'kumadzatenga pa basi. Mdzukuluyo pano ndi mayi wa ana awiri. Akabwera kwanga n'kupeza chitini cha mabisiketi, amayamba wachigwedeza kaye pafupi ndi khutu asanapatse ana ake.