Mkulu Wowerenga Amene Palibe

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mkulu wina wokonza mawotchi. Salankhula zambiri. Pamsonkhano uliwonse wa m'dera lathu amakhala kumbuyo, milomo ikugwedera. Ife timawerenga amene abwera, iwo amawerenga amene palibe. Ukawafunsa amangoti, "Mpando sunena kuti inde."

Mwezi watha akuluakulu a mzinda anabwera ndi mapu. Akufuna kukumba ngalande yaikulu ndi kudzala mitengo m'mbali mwa msewu, kuti madzi a mvula asiye kulowa m'nyumba zathu. Koma ngalandeyo idutsa pomwe pali timisasa ta amayi ogulitsa masamba. Msonkhano wokambirana za ngalandeyo anauika m'mawa, nthawi imene amayiwo amakhala kokaoda katundu.

Wapampando atati ovomereza tikweze manja, tonse tinakweza kupatula mkulu uja. Iye anaimirira n'kuyamba kukokera kutsogolo mipando yopanda anthu, umodziumodzi. Miyendo ya mipandoyo inkamveka m'holo monse ikukhula simenti.

"Bambo, khalani pansi," anatero wapampando, tsinya lili pamphumi. "Anthu ambiri agwirizana kale. Si inu nomwe madzi anakuonongerani zipangizo chaka chatha?"

"Ndine ndithu, ndipo ngalandeyi ndikuifuna kuposa nonsenu," anayankha mkuluyo, akuloza mipando ija. "Koma afunseni kaye awa. Akavomera, nanenso ndikweza langa."

Palibe amene anaseka. Ine dzanja langa linali likadali m'mwamba, ndipo linayamba kundilemera.