Mchere wa Anastazia

Anastazia ndi mnansi wanga kuno kufupi ndi Bembeke, mpanda wathu ndi umodzi. Amalima nyemba ndi kachewere, ndipo pophika ndiwo, ndikuuzeni, m'mudzi muno mulibe mkazi womuposa. Koma akudziwa ndani? Chipitireni padera, magazi sanaleke kutuluka. Kuchipatala wapita mpaka kutopa. Ndiye mwambo wa kuno mukuudziwa: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akathira odyawo amadwala tsempho. Ena timapirira masiku ochepa chabe. Iye zatha zaka.

Mwamuna wake anapita ku Lilongwe kukafuna ganyu, mpaka lero akadafunabe. Pamaliro azimayi amamutuma madzi ndi nkhuni, kumoto ayi. Akaphika zake amaima pampanda, mchere uli m'mbale.

"Make Ufulu, dzandithirireni."

Ine ndimalalata, pakamwa panga mpotero, koma ndimapita. Zimandiwawa kuona munthu wamkulu akudikira dzanja la mnzake kuti adye.

Akatekisiti athu, a Anselmo, anapatsidwa buku ndi ansembe lofotokoza miyambo ya Ayuda akale. Eee, tinapuma ife? Pamphakati paliponse, tikakumana akhristu a m'mudzi kupemphera, Ayuda ankasamba chonchi, Ayuda ankadya chakuti. Tsiku lina anafika pa nkhani ya mayi wodwala nthenda yotaya magazi amene anakhudza chovala cha Yesu.

"Mwa Ayuda mayi wotere anali wodetsedwa," anatero a Anselmo. "Mphasa imene wakhalapo, yodetsedwa. Munthu amene wamukhudza, chimodzimodzi. Koma Ambuye sananyansidwe naye, anamutchula mwana wawo pamaso pa anthu onse."

Azimayi anapukusa mitu. "Ayuda nkhanza!" anatero Veronika, mlembi wa mphakati. Anastazia anali kumbuyo, maso ali pa a Anselmo.

Madzulo anandipeza ndikusenda kachewere. Nkhope yowala imeneyo ndinali nditaiwala kuti ali nayo.

"Mwamva? Nkhani yanga ilimo m'buku," anatero. "Sabata yamawa mphakati ukumane kwanga. Ndiphika."

Mwatsoka ine ndinaitanidwa kumaliro a alamu anga ku Lobi. Zotsalazi anandiuza Veronika yemweyo, wopanda ndi manyazi omwe.

Anastazia anasesa bwalo, anabwereka mabenchi, anaphika nyemba zothira tomato ndi anyezi, fungo mpaka kumsewu. Atatha mapemphero anagawa mbale, nagwada pamaso pa a Anselmo ndi madzi osamba m'manja.

"Bambo, mchere ndathira ndekha," anatero mokweza kuti onse amve. "Monga munatiphunzitsira muja."

Anthu aja amene amanena Ayuda nkhanza, aliyense maso pa akatekisiti. Iwo akanangolawa kamodzi, onse akanadya. A Anselmo anasamba m'manja, anapukuta pathalauza, anayang'ana nyemba zija nthawi yaitali.

"Mayi, zikomo," anatero. "Koma m'mimbamu lero simuli bwino."

Basi, mimba za mphakati wonse zinadwalira pomwepo. Wina anakumbuka mbuzi zake, wina mwana. Asa! Ndikanakhalapo ine ndikanadya mbale ziwiri, tsempholo lidzandipeze.

Nditabwerako ndinapita kwa Anastazia ndi mkwiyo wanga, ndikuti ndimuthandize ngakhale kutsuka ziwiya.

"Musavutike, make Ufulu," anatero Anastazia osandiyang'ana. "Sipuni zonse nzoyera. Palibe anazigwira."